Wabwera Ndani?

Kwa Mwambo,
Zomba.

Felesiya mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano iwe uli m'mudzimu kutsanzika anthu. Ndakhala pakhonde, mpunga ukuuma pamkeka, nkhuku ndikuziingitsa ndi phazi. Ndikanatha kukuuza zonsezi pamaso, koma umandidziwa, ndikayamba nkhani yolemera ndimakathera pa za mvula. Udzaiwerenge mawa basi ikadutsa pa Namadzi, osati usanakwere, chifukwa muli zina zoti utaziwerenga ndili pafupi ndingasowe poika nkhope.

Choyamba dziwa kuti mtima wanga uli m'malo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kwa zaka zitatu sunali m'malo. Ndinkaopa kuti zisudzo zako zidzakumeza, kuti tsiku lina udzalowa mwa munthu wina pabwalo n'kulephera kutulukamo. Mantha amenewo anandichititsa zinthu zopusa, ndipo chimodzi mwa izo sukuchidziwa. Ndichinena kumapeto, undipirire.

Ku Blantyre ukukakhala m'gulu la anthu odziwa zisudzo, ena anafika mpaka ku koleji. Ine ndine mlimi wa mpunga amene analekera Sitandade sikisi. Komabe usaiwale kuti kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinali msilikali wa Pilato m'sewero la Lachisanu Loyera patchalitchi pathu. Zolakwa zimene munthu wa zisudzo angachite, zambiri ndinazichita ine iwe usanayambe sukulu. Zimvere kwa ine kuti usakazigule ndi thupi lako.

Chaka choyamba akatekisiti anandisankha chifukwa cha kutalika basi. Yunifomu ya khaki ndi nsapato ndinakabwereka kwa Che Amidu, msodzi uja wa kudoko amene ankavina beni, gule wa chisilikali uja, atapachika zitsekerero za mabotolo pachifuwa ngati mamendulo. Iwo ndi Asilamu, za Pilato sankazilabadira, koma atandiona nditavala zovala zawo n'kuima ngati chiopsezo cha mbalame, zinawapweteka. Anandiuza kuti yunifomu payokha siyenda. “Achimwene, usilikali umayambira kuchidendene. Pondani bwino, nkhope itsatira yokha.” Sabata yathunthu ndinkaguba m'mizere ya kudimba mpaka amayi ako anayamba kundifunsa ngati mutu unali bwino. Che Amidu ankanena zoona. Mapazi atadziwa, mapewa anakwera okha, mawu anakula okha, ndipo ana amene ndinkasewera nawo dzulo lake anandithawa. Ukakapatsidwa munthu woti umusewere, usayambire pa misozi kapena kukuwa. Yamba wafunsa kuti amaponda bwanji pansi, amakhala bwanji pampando, amagwira bwanji kapu.

Chaka chachiwiri ndinadziona ngati katswiri, ndipo pamenepo m'pamene ndinalakwira munthu wosalakwa. Mumpingo mwathu munali mkulu wina, a Chikwakwa, amene anamenya nkhondo ya azungu n'kubwerako ndi mwendo wouma ndi chifuwa chosatha. Ndinaganiza kuti msilikali weniweni ndi ameneyo, ndiye ndinawatenga athunthu: kukoka mwendo, kutsokomola, ngakhale kupotokola ndevu. Nditangotulukira pabwalo anthu anawazindikira, ndipo m'malo molira anaseka mpaka kugwirana mapewa. A Chikwakwa anali pabenchi ya kutsogolo. Anadzuka mwakachetechete, n'kudutsa pakati pa anthu akukoka mwendo womwe uja, anthu n'kusekanso kwambiri. Sanabwerenso ku sewerolo mpaka imfa yawo, ndipo ine ndinkati ndikawapepesa mawa, mawa, mpaka ndinakakumba nawo manda awo. Mwana wanga, tenga mayendedwe kwa uyu, mawu kwa uyo, kasekedwe kwa winanso, uzisakanize. Usanyamule munthu wathunthu kupita naye pabwalo iye asakudziwa. Owonera amaseka ola limodzi, mwiniwake amakhala nazo moyo wonse.

Tsopano nkhani ya amalume ako a Lufeyo. Zipsera zija zili kumsana kwawo, zimene amati anakalika ndi minga ali mnyamata, si za minga ayi. Ndinawapatsa ndine.

Iwo ndiwo ankasewera Yesu, chifukwa cha ndevu ndi kuwonda. Chikoti changa tinkachiluka ndi luzi louma la nthochi, lomwe limalira kwambiri likagunda chinthu. Lamulo lake linali limodzi: umenye mtengo wa mtanda pamwamba pa phewa, osati munthu. Chikoti chikalira pamtengo, Yesu amabuula n'kupindika, ndipo ali patali amaona ngati wamenyedwadi. Tinachita choncho zaka zinayi popanda ngakhale kumukhudza tsitsi.

Chaka chachisanu mvula inadula msanga. Amalume ako, poti munda wawo uli kumtunda, anatseka ngalande kuti madzi akhale kwawo, ndipo mpunga wanga unapsa ukubereka. Ine mkamwini, nthaka ndi ya kwa amayi ako, ndikanalankhula chiyani? Mkwiyo ndinaumeza. Ndinkawapatsa moni tsiku lililonse ndikumwetulira. Lachisanu Loyera litafika, tikukwera kachitunda ka kuseri kwa tchalitchi dzuwa likuswa mtengo, ndinaona msana wawo uli pamtunda patsogolo panga, ndipo m'maso mwanga munabwera mpunga wanga wofiira uja. Ndinadziuza kuti mkwiyo umenewu undithandiza kusewera bwino. Chikoti choyamba chinagwera pamtengo. Chachiwiri chinagwera pamsana. Zotsatirazo sindinaziwerenge. Luzi la nthochi likalukidwa molimba limadula khungu, ndipo ndinkadziwa zimenezo.

Amalume ako anagwa zenizeni, anabuula zenizeni. Ali pansi anatembenuka n'kundiyang'ana kamodzi, kenako anadzuka n'kusenza mtanda wawo mpaka pamwamba. Azimayi analira ngati pamaliro. Titamaliza akatekisiti anandigwira chanza ndi manja awiri, akuti sewero silinawagwirepo mtima chotero, ndipo ankaganiza kuti magaziwo ndi utoto. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero si kumenyako kokha, koma kuti ndinakondwa. Ndinabwerera kunyumba ndikuguba, chikoti chili kukhwapa.

Umve bwino apa, Felesiya. Palibe amene angasewere mkwiyo kapena chisoni ndi mtima wopanda kanthu. Umatunga m'chitsime chako chomwe, ndipo si tchimo. Koma msana uli patsogolo pakowo ndi wa munthu weniweni amene mawa mudzadyera mbale imodzi. Ukakangana ndi mnzako wa m'gulu, mukathetse kuseri musanavale zovala za sewero. Usadzabise ndewu yako m'kamwa mwa munthu wongopeka. Ndipo anthu akadzakuombera m'manja kwambiri, udzadzifunse kuti akuombera luso lako kapena bala la wina.

Funso lija la amayi ako umalidziwa, unakula ukulimva chaka ndi chaka, koma sukudziwa kumene linayambira. Linayamba tsiku lomwelo. Iwo anaona zonse, ndipo mchimwene wawo ankamudziwa kabuulidwe kake konama ndi koona. Nditafika ndinawapeza ataima pakhomo, iwe uli kumbuyo, dzanja lawo litatchinga chitseko.

“Wabwera ndani?”

Ine ndinayesa nthabwala. Ndinagunditsa zidendene n'kuyankha ndi mawu aakulu kuti wabwera msilikali wa Pilato. Sanaseke. Anati msilikali wa Pilato alibe mbale m'nyumba muno, iwo akudikira amuna awo amene anachoka m'mawa ndipo sanabwerebe. Analowa n'kutseka. Pakhonde anasiya beseni la madzi. Ndinakhala panja ndikung'ung'udza mpaka dzuwa linapendeka, njala n'kuyamba kundilangiza. Ndinavula nsapato za Che Amidu, ndinavula yunifomu, ndinasamba kumaso, ndipo ndikusamba choncho m'pamene ndinaona chimene ndinachita. Ndinagogoda. Anafunsanso funso lomwe lija, ndipo ndinayankha ndi mawu anga enieni kuti ndine bambo a Felesiya.

“Bambo a Felesiya ali ndi mlamu wawo amene akulephera kugona chagada. Akamuone kaye, chakudya achipeza.”

Anandipatsa madzi ofunda a mchere ndi kansalu. Ndinapita kukatsuka mabala amene ndinapanga ndekha. Amalume ako anagona chafufumimba osandiyang'ana, ndipo nditamaliza anangoti, alamu, mukanangonena za madzi zija ndi pakamwa. M'mawa mwake anatsegula ngalande, ngakhale mpunga unali utapita kale. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse amayi ako ankandidikira pakhomo ndi beseni ndi funso lawo. Tinkaseka, iwenso utakula unkathandiza kutchinga chitseko, koma sindinalowepo m'nyumba ndisanayankhe. Waona kuti dzina limene linkanditulutsa mu usilikali linali lako.

Chaka chimene nyanja inaphwa, anthu n'kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi, kolera anatenga amayi ako m'masiku awiri. Zimenezo sindizilemba, unalipo. Ndingokuuza kuti abale atakhala pansi kuti andisudzule ndibwerere kwathu monga mwa mwambo, amene anaimirira n'kunena kuti alamu sapita kulikonse ndi amalume ako omwewo, a zipsera kumsana. Sewero la Lachisanu ndinalisiya chaka chimenecho. Ndinauza akatekisiti kuti mawondo atha, koma zoona zake n'zoti pakhomo panalibenso wondifunsa.

Kulakwa kwanga kwa iwe kunayambira apa. Patapita miyezi isanu, uli Fomu 2, anakupatsa kusewera mwana wamasiye pa mpikisano wa masukulu. Unatenga chitenje cha amayi ako chobiriwira chija m'bokosi n'kukachivala pabwalo. Ndinamva kuti utaitana kuti “amayi” ngakhale oweruza anapukuta m'maso, ndipo sukulu yanu inapambana. Koma amene anabwera kunyumba madzulo amenewo sanali iwe. Masabata atatu unkagona m'chitenjecho, unkalankhula ndi kamawu kakang'ono ka mwana wa m'sewero uja, chakudya unkangochitosa, tsiku lonse uli kuseri kwa nkhokwe kuyang'ana kunyanja kouma. Anthu ankati ukapite kwa asing'anga. Ine ndinkadziwa chimene chinakugwira, ndipo mankhwala ake ndinkawadziwa kuposa munthu aliyense m'mudzi muno. Ndikanangoima pakhomo ndi beseni. Sindinathe. Mawu amenewo anali a amayi ako, ndipo ndikati ndiwatchule ndinkalephera. M'malo mwake ndinakukalipira, ndinakulanda chitenje n'kuchitsekera m'bokosi, n'kulamula kuti zisudzo m'nyumba muno zatha. Unachira wekha pang'onopang'ono popanda thandizo langa. Kenako unapitiriza zisudzo mobisa, umati ukupita ku kwaya, ine n'kumanamizira kuti sindikudziwa chifukwa ndinkaopa kukufunsa. Ukakaona mnzako wa m'gulu sewero latha koma maso ake akadali kutali, usamukalipire, usamusiyenso yekha. Khala naye, umuitane dzina lake, umupatse madzi ndi chakudya.

Tsopano chija ndinati sukuchidziwa. Kalata ya gulu la ku Blantyre yokuitana sinachedwe m'njira monga ndinakuuzira. Inafika nthawi yabwino kudzera kutchalitchi, akatekisiti anandipatsa m'manja, ndinaitsegula, ndinaiwerenga kawiri, n'kuiika m'Baibulo langa. Inakhalamo masabata atatu. Lamlungu lililonse unkandifunsa ngati kwabwera kanthu, ine n'kumapukusa mutu ndi nkhope yachisoni. M'zaka zanga zonse za zisudzo sindinaseweko bwino ngati mmene ndinasewerera bambo wosadziwa kanthu. Ndinkawerenga masiku kuti tsiku lomwe ananena lidutse, malo apatse wina, iwe ulire sabata imodzi n'kuiwala. Ndinkadziuza kuti ndikukuteteza. Kuno ukamira ndikhoza kukuona, nanga ku Blantyre akakuvuule ndani?

Anandigwira ndi amalume ako. Anabwereka Baibulo langa kuti akonzekere kuwerenga mawu m'tchalitchi, poti lawo zilembo n'zazing'ono, ndipo kalata inagwera pamiyendo pawo. Iwo ndi eni mbumba, akanatha kukupatsa kalatayo n'kukulola upite osandifunsa. Sanatero. Anandipeza kudimba, anaibweza m'thumba la malaya anga, n'kundiuza kuti Loweruka gulu lako la kuno likasewera pa msika wa Songani ndipo tipite tonse pa njinga.

“Mukaone nokha, alamu. Mukakana mutaona, ine ndikana nanu limodzi.”

Tinanyamuka kukucha, tinafika thukuta lili kamukamu, ndipo tinaima kumbuyo kwa ogulitsa nthochi kuti usatione. Munkasewera za matenda a masiku anowa, za mwana amene makolo ake apita onse n'kumusiyira ang'ono ake. Kenako unatulukira. Unali utavala chitenje chobiriwira chija. Kiyi wa bokosi ndinkamubisa m'chitini cha mbewu ya maungu n'kumadziona ngati wochenjera, osadziwa kuti unamupeza kalekale. Unayenda ngati mwana amene wasenza mtolo womuposa, ndipo ndinaona kuti wayambira kumapazi ngakhale sindinakuphunzitsepo. Utagwada n'kuitana amayi, msika wonse unasiya malonda. Mayi wa nthochi amene anali patsogolo panga anadziphimba kumaso ndi mpango. Ine ndinagwira dzanja la amalume ako n'kuwauza kuti mwanayu wapitanso, ulendo uno sabwerera.

Anthu akuomba m'manja ndinakutsatira kuseri kwa sitolo kumene munkavalira. Ndinkayembekeza kukupeza utakhala pansi maso ali kutali, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti kalata ija ndikaiotcha. Iwe sukudziwa kuti ndinafika msanga kuposa mmene unandionera. Ndinaima pangodya. Unali wekha, misozi ikadali m'masaya. Unamasula chitenje, unachikung'untha, unachipinda kanayi bwinobwino n'kuchiika m'jumbo. Unatsegula botolo la madzi, unathira m'dzanja n'kusamba kumaso. Kenako unaimirira mowongoka, ndipo ndinakumva ukudzifunsa motsitsa mawu, ndi kanenedwe ka amayi ako kenikeni.

“Wabwera ndani?” Unapuma pang'ono. “Ndine Felesiya.”

Utatembenuka unandiona, maso ako anali ako. Unaseka n'kunena kuti ababa, mwafika liti, ndigulireni chinangwa chokazinga njala yandipha. Unadabwa kuti ndinakugulira chambiri choti sukanachimaliza, ndiponso kuti ndinakhala pansi pafumbi anthu akuona. Ndinakuuza kuti njinga yanditopetsa. Sinali njinga, mwana wanga. Katundu amene ndinasenza zaka zitatu anatsika nthawi imodzi. Pobwerera amalume ako ankandiseka njira yonse kuti msilikali wa Pilato walira pa msika. Kalata ndinakupatsa Lolemba ndi bodza lija, kutatsala masiku anayi okha. Undikhululukire. Ukafuna kukwiya, kwiya, uli ndi chifukwa, koma ukandilembere mkwiyowo ndi pakamwa pako, usakaugwetsere pamsana pa mwana wa eni.

Zina zotsalazi n'zazing'ono. M'katoni muli mpunga ndi matemba, ugawireko amene ukagone nawo nyumba imodzi tsiku loyamba lomwelo, usadikire kuti akupemphe. Akakupatsa kusewera mkazi woipa, musewere ndi mtima wonse, usamunyoze, chifukwa ngakhale msilikali wanga uja ndinkamudziwa kuti ali ndi ana kwawo. Akakupatsa malo aang'ono, oima kumbuyo opanda mawu, pondabe bwino. Anthu m'misewu akayamba kukuitana dzina la m'sewero, uziwayankha mwaulemu, koma ukhale ndi anthu awiri kapena atatu amene amakuitana dzina lako. Mwamuna amene adzakukonde atakuona pabwalo, udzamuonetse kaye nkhope yako ya m'mawa ukutsuka mapoto, uone ngati adzabwerenso. Usamasewere uli ndi njala, ndipo ukamaliza uzidya. Che Amidu akupereka moni, akuti usadzapinde mawondo poguba. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndavomera, ngakhale ndavomera mochedwa.

Chitenje usachibenso. Ndachichapa ndekha dzulo, ndachiika pansi pa sutikesi yako, ndipo kiyi wa bokosi ndamutaya poti alibenso ntchito. Ndi chako. Uzitungamo chisoni pamene sewero lafuna, koma uzichipinda ukamaliza, monga ndinakuonera.

Pali ngongole imodzi yokha ya mtima imene yanditsalira. Funso lija unadzifunsa wekha kuseri kwa sitolo chifukwa bambo ako analephera kukufunsa pamene unkalifuna. Masiku ano ndakhala ndikuliyeserera kudimba, mokweza, mbalame zokha zikumva. Poyamba linkakana. Tsopano likutuluka. Ukadzabwera pa Khirisimasi usadzalowe m'nyumba mothamanga, ngakhale mvula ikugwa. Udzandipeza pakhomo, beseni lili pakhonde, dzanja langa litatchinga chitseko. Ndidzakufunsa, ndipo udzandiyankhe mokweza, amayi ako amve.

Pita bwino, mwana wanga.

Ndine,
Bambo a Felesiya.